Nyenyezi za Zidutswa

Thumba linang'ambikira pasiteji ya basi penipeni, anthu onse akuona! Zidutswa za nsalu zinangoti mbwee m'matope, zofiira, zamaluwa, zamizeremizere, zina mphepo n'kuyamba kuthawa nazo.

"Mayo ine!" anakuwa mwini thumbalo, akugwada kuti atole.

Anali mtsikana wosoka pashopu ya telala ya kuseri kwa sitejiyo. Dzina lake lenileni anzake kuntchito analiiwala kalekale. Ankangomuitana kuti Kadutswa, chifukwa iwo akamasesa zotsala za nsalu kuti akataye, iye ankazitola n'kumapita nazo kwawo.

Anthu apasiteji mukuwadziwa inu, kuseka amatha koma kuthandiza ayi. Anawerama ndi munthu mmodzi yekha, mnyamata wamtali wa ovolosi yabuluu, waya atakoleka paphewa. Anatola kansalu kobiriwira ka timbalame tachikasu, n'kukapukuta matope pa ovolosi yakeyo.

"Chemwali, zonsezi mukukasoka chiyani? Mabulangeti a nyerere?"

"Nyenyezi," anayankha Kadutswa mwamanyazi. "Za Khirisimasi. Zogula zija n'zodula."

"Aa, Khirisimasi yake ikadali kutali ndi miyezi iwiri!"

"Wosauka amayamba msanga."

Mnyamata uja anaseka mpaka waya kugwa paphewa.

"Ndiye mwakumana ndi munthu woyenera. Inu sokani nyenyezizo, kuwala ndibweretsa ine. Ndine wamagetsi."

Basi isanafike n'komwe, manambala anali atapatsana kale. Abale inu, mtima ndi chitsiru!

Uthenga woyamba unalowa Kadutswa asanatsike basi.

"Magetsi a m'tauni muno ndimakonza ndine, koma a mumtima mwanga wayatsa ndiwe. Kuyambira lero ndiwe Nyenyezi yanga."

Anauwerenga kanayi. Ndani anali atamuitanapo Nyenyezi? Kuntchito anali Kadutswa, kunyumba anali "iwe mwana". Lero wasanduka nyenyezi ya munthu!

Kunyumbako ankakhala awiri, iye ndi bambo ake, dalaivala wopuma ntchito. Nyumba yake inali ya zipinda ziwiri ndi kabalaza, pa mzere wa nyumba zalendi. Chimwalirireni mayi ake zaka zitatu zapitazo, m'nyumbamo simunakongoletsedwenso. Katoni ya zokongoletsa za mayi inali italowedwa ndi makoswe, ndipo bambo anangoitaya.

"Khirisimasi inapita ndi mayi ako," ankatero bambo. "Usadzivute, mwana wanga."

Koma chaka chino Kadutswa anatsimikiza mtima. Ndalama zogulira mtengo wapulasitiki analibe, ndipo sanafune kunamizira. Anatola nthambi youma kuseri kwa nyumba, n'kuipaka penti yoyera yomwe eni nyumba anasiya m'chitini. Chitini chomwecho anachidzaza miyala, n'kuimika nthambi ija pakona. Mapepala onyezimira okutira maswiti anawapota n'kukhala tinyolo. Zotsekera mabotolo anazikuta ndi nsalu, zikhale ngati timabelu.

Koma mtima wake wonse unali pa nyenyezi zija. Ankadula nsalu nsonga zisanu, kuika thonje la pilo wakale m'kati, n'kusoka pamanja ndi ulusi wofiira. Ndipo panali chinsinsi chomwe sanauze munthu. Foni yake inali yakale, yosachedwa kudzaza, moti mauthenga ankayenera kufufutidwa. Afufute bwanji mawu okoma ngati amenewo? Ndiye uthenga ulionse wa wamagetsi uja ankaukopera pakapepala, kukapinda, n'kukasokera m'kati mwa nyenyezi.

"Ngakhale dziko lonse litazima, iwe ndidzakupeza mumdima." Nyenyezi yofiira.

"Usadye wekha, Nyenyezi, sungira njala yanga malo." Yamizeremizere.

"Ukamwetulira, ndimaiwala kuti ndatopa." Umenewu unalowa mu yobiriwira ija ya timbalame, kansalu kamene iye anapukuta tsiku loyamba.

Kushopu kunali mayi wina wachikulire wosoka mabatani ndi mazipi, amene aliyense ankamuti Anti Mabatani. Pakamwa pawo panalibe chitseko.

"Iwe Kadutswa, wasokera thumba la buluku chadodolido chifukwa cha kafoniko! Wamagetsi wakoyo kwawo unapitako?"

"Amakhala kutali, anti. Komanso mayi ake akudwala."

"Nanga bwanji foni yake imazima dzuwa likangolowa? Lamulungu lonsenso zii?"

"Amakhala ali pamwamba pa mapolo a magetsi."

"Lamulungu lililonse pamwamba pa polo? Ndi munthu kapena ndi khwangwala?"

Shopu yonse inafa nazo. Kadutswa anakwiya, n'kupondereza makina mwamphamvu.

"Seka, kwiya, zonse n'zako," anatero Anti Mabatani akudula ulusi ndi mano. "Koma wakutsina khutu ndi mnansi."

Kodi munthu wogwa m'chikondi ali ndi makutu? Masana omwewo wamagetsi uja anabwera pa nthawi yopuma, n'kukhala naye pakhonde la sitolo ya nsapato, akugawana botolo limodzi la chakumwa.

"Anthu akuti ukundinamiza," anatero Kadutswa.

"Ine? Ndikunamize iwe, duwa langa?" Anamugwira dzanja, n'kusisita pamene singano inamubaya. "Timanja iti tavutika mokwanira. Mvera, pa Khirisimasi ndikubwera kwanu kudzaonekera kwa bambo. Ndidzabwera ndi zinthu ziwiri, timagetsi tothwanimathwanima ta pawindo, ndi mphete ya pachala ichi."

"Ulumbire!"

"Ndikanama, magetsi andigwire. Uwauze bambo akhomeretu misomali kuzungulira windo, ine ndidzangofika n'kukoleka."

Dzuwa lisanalowe anabwerezanso lonjezolo pafoni. Kadutswa analikopera ndi zilembo zake zabwino koposa, n'kulisokera m'nyenyezi yaikulu yoyera, ya nsalu yotsala pa diresi laukwati la munthu wina. Imeneyi anaiika pamwamba penipeni pa mtengo.

Kuuza bambo ndiye kunali kovuta. Anazungulirazungulira, kuwathirira tiyi kawiri, kenako n'kungoti phwa, kuulula zonse.

Bambo anayang'ana nthambi yoyera ija.

"Ndi munthu wabwino?"

"Kwambiri, bambo."

"Amakulemekeza?"

"Amanditcha Nyenyezi."

Bambo anatsokomola. Anadzuka n'kulowa kuchipinda. Kadutswa anaganiza kuti akhumudwa. Koma anatuluka ndi hamala ndi kachitini ka misomali yakale yopindika. Anaiwongola umodziumodzi pamwala wa pakhomo, n'kuikhoma kuzungulira windo la pabalaza, akuyeza mpata ndi chikhatho. Pokhomapo ankaimba chapansipansi nyimbo imene mayi ankaikonda. Zaka zitatu asanaimbepo m'nyumba muja!

Mawa lake anatulutsanso jekete lawo lakuda, lomwe analivala komaliza pa maliro a mayi. Analiyanika padzuwa kuti lichoke fungo la sutikesi.

Kutatsala sabata imodzi, wamagetsi uja anafika kushopu nkhope ili yakugwa.

"Mayi awagoneka m'chipatala, Nyenyezi. Khirisimasi adyera komweko. Wodi yake ukaiona ungalire, makoma okhaokha. Ndinafuna ndiwagulire tokongoletsa, koma thumba lauma ndi mankhwala."

Kadutswa misozi inalengeza. Makoma a chipatala ankawadziwa bwino, anawayang'ana miyezi iwiri mayi ake akutha ngati kandulo. M'mawa mwake anabwera ndi nyenyezi zonse m'thumba, kupatula yoyera ija.

"Sankha khumi ndi ziwiri, ukawakolekere pabedi."

Mnyamata uja sanasankhe n'komwe. Anangopisa dzanja n'kutapa, maso ali pafoni. Yobiriwira ija inapita nawo. Kadutswa mtima unamupweteka pang'ono, koma anadzitonthoza kuti ikupita kwa apongozi ake a mawa.

"Uli ndi mtima wa mngelo," anatero mnyamatayo, akumupsompsona pachipumi.

Kutatsala masiku awiri kuti Khirisimasi ikwane, shopu inali pikitipikiti. Aliyense ankafuna chovala chake lero lomwe. Cha m'ma folo koloko kunalowa mayi wina wooneka bwino, wamagalasi. Anti Mabatani anamuzindikira msanga.

"Aphunzitsi! Diresi lija lathina kale?"

"Ayi anti, diresi lili bwino, si ili ndavalali. Ndikufuna amene amasoka nyenyezi."

Kadutswa anadzutsa mutu. Diresi la mayiyo linali lobiriwira, la timbalame tachikasu.

Aphunzitsi anakhala pa mpando woyandikana ndi makina ake, n'kutulutsa kanthu m'chikwama. Inali nyenyezi yobiriwira, yong'ambika nsonga imodzi, thonje likutuluka. Ulusi wake unali wofiira.

"Ndinu munasoka, eti? Nditangoona nsaluyi ndinadziwa kuti yachokera muno. Kamtsikana kanga kakang'ono kaing'amba, manja ake sakhala phee. Mundisokereko, chonde."

"Munaipeza kuti, mayi?" Mawu a Kadutswa anatuluka ngati a munthu wina.

"Aa, si bambo a kunyumba anadzakuuzani kuti musoke? Aatali aja, amagetsi. Musabise, chinsinsi chaululika kale!"

Makina a Anti Mabatani anaima.

Aphunzitsi sanaone kanthu. Anali osangalala ngati mwana wopatsidwa nsapato zatsopano. Anatambasula kapepala kopindika bwino, n'kuwerenga mokweza: "Ukamwetulira, ndimaiwala kuti ndatopa."

"Mukudziwa, mchemwali, mawu amenewa anandiuza tsiku loyamba kukumana, zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Nditapeza aka ndinamasula zina ziwiri, nazonso muli timapepala! 'Ngakhale dziko lonse litazima, iwe ndidzakupeza mumdima.' Awa anandilembera tili pachibwenzi. Ndipo paliponse akuti Nyenyezi, dzina lomwe ankandiitana kale. Ndimayesa anaiwala zonsezi! Zolembazi ndi zanu, eti? Ndinadziwa. Zawo zija zimangokhala ngati nkhuku yapalasa."

Kadutswa anagwira m'mphepete mwa tebulo. Shopu inkazungulira. Mawu aja? Amene ankagona nawo pamtima, amene anawakopera mosamala ngati mavesi? Anali atathera kale pa munthu wina!

"Nanga mayi awo," anafunsa movutika, "akupeza bwanji kuchipatala?"

"Apongozi anga? Ayi, mwasokoneza ndi ena. Iwo anatisiya kalekale, chaka chachinayi chino."

Aphunzitsi anavula magalasi n'kupukuta m'maso. Anatsitsa mawu, monga amachitira akazi akakhulupirirana.

"Ndikuuzeni zoona, inu ndinu mkazi mnzanga. Katundu ndinali nditalongedza kale. Ndimati Khirisimasi ikangotha, ndinyamule ana anga awiri ndizipita kwa achimwene. Munthu kufika m'nyumba osakuyang'ana, foni ili chozondoka nthawi zonse. Diresi ili ndavala miyezi iwiri, iwo osanenapo kanthu. Ndiye taonani, kusankha nsalu ya diresi langa lomwe! Kani amandiona, mchemwali. Amandiona!"

Kadutswa anakumbukira dzanja lija likutapa m'thumba, maso ali pafoni. Munthu uja sanaizindikire n'komwe nsalu ya mkazi wake, ngakhale tsiku lija pasiteji ataigwira m'manja.

Foni inali m'thumba la epuloni, mauthenga a m'mawa womwewo ali momwemo. Kungoitulutsa basi, nkhani yonse ikanathera pomwepo. Dzanja linafika mpaka pathumbapo. Koma anayang'ana nkhope ya mayiyo, yonyowa ndi misozi ya chimwemwe, n'kuganiza za kamwana ka manja osakhala phee, kakudikira nyenyezi yake kunyumba.

Mwina mukuti akanaulula pomwepo. Inenso masiku ena ndimatero. Koma inu simunalipo, ndipo si inu munayenera kuzimitsa nkhope imeneyo kutatsala masiku awiri.

Anatenga singano. Ulusi unakana kulowa katatu konse. Anti Mabatani anadzuka mwakachetechete, kumulowetsera ulusiwo, n'kubwerera pamalo pawo. Kadutswa anabwezera kapepala m'kati, n'kutseka nsonga ija bwinobwino.

"Ndikupatseni zingati?"

"Ayi mayi, siyani."

"Mulungu akudalitseni! Lachinayi ndibweranso, mundisokere ziwiri za ana. Inunso mudzapeze mwamuna wotere, mwamva?"

Aphunzitsi atangotuluka, Kadutswa anathamangira kuseri kwa katani koyezera zovala, n'kudziluma dzanja kuti makasitomala asamve kulira. Anti Mabatani anamutsatira. Mukuganiza kuti anati "ndinakuuza"? Ayi. Anangomukumbatira, matepi ndi mapini ali m'khosi.

"Lira, mwana wanga. Galu ameneyo!"

Kunyumba anapeza bambo akusita jekete lija, atayala bulangeti patebulo.

"Wabwera? Taona kolala iyi, yakhala bwino? Ndisakachititse manyazi mwana wanga pamaso pa mlendo."

"Yakhala bwino, bambo."

Anayesa kunena tsiku limenelo, pakamwa panakana. Anayesanso mawa lake, bambo n'kumuonetsa nsapato zomwe anapolisha. Awauze bwanji munthu amene wangoyamba kumene kuimba?

Pa Khirisimasi m'mawa, bambo anavala jekete n'kukhala pampando woyang'ana kukhomo. Ana a m'nyumba zoyandikana ankasuzumira pawindo, akulozerana mtengo woyera uja. Cha m'ma teni foni inalira.

"Nyenyezi yanga, pepa kwambiri. Mayi zavuta, sindingawasiye okha. Ndibwera mawa ndi zonse ndinalonjeza. Ngakhale dziko lonse litazima, iwe ndidzakupeza mumdima."

Mpaka lero lomwe, mawu ake omwewo! Kadutswa sanalirenso. Anakhala pabedi n'kulemba pang'onopang'ono.

"Nyenyezi yobiriwira ndinaisoka, akazi anu anabwera nayo kushopu. Akuyesa mawu aja ndi awo. Lero asiyeni ana adye Khirisimasi. Koma aphunzitsi akubweranso Lachinayi. Muwauze nokha zoona lisanafike tsikulo, apo ayi adzazimva kwa ine. Kuno musadzapondeko."

Foni inayamba kuitana nthawi yomweyo. Inaitana, n'kuitananso. Uthenga unalowa: "Duwa langa, ndilole ndifotokoze." Anaizimitsa n'kuiika pansi pa pilo.

Anatuluka n'kugwada pafupi ndi mpando wa bambo.

"Bambo, mlendo uja sabwera."

"Wachedwa ndi basi?"

"Sabwera, bambo. Lero kapena mawa. Ali ndi mkazi ndi ana awiri. Ine sindimadziwa, ndikulumbira, sindimadziwa!"

Bambo sanakalipe. Bola akanakalipa! Anangoyang'ana nsapato zawo zopolisha zija kwa nthawi yaitali. Kenako anavula jekete mwapang'onopang'ono, kulipinda, n'kuliika pamsana pa mpando. Anatenga hamala, n'kupita pawindo kuti azule misomali.

Msomali woyamba unalira potuluka. Kadutswa sanathe kupirira.

"Isiyeni, bambo. Munaiwongola nokha imeneyo."

"Ndiye ikhalire chiyani, mwana wanga? Anthu azifunsa."

Kadutswa anakwera pampando n'kutsitsa nyenyezi yoyera ija pamwamba pa mtengo. Anatenga lumo, kudula ulusi wofiira, kusolola kapepala ka mphete ndi timagetsi, n'kukaponya pambaula. Anachita chimodzimodzi ndi zotsala zonse, imodziimodzi. Timapepala tinapsa msanga, ngakhale utsi weniweni osatulutsa.

Ndiye anayamba kuzitsekanso. Bambo anaima ndi hamala m'manja, akumuyang'ana. Kenako anaika hamala pansi, n'kutenga nyenyezi yoyamba yomwe inatha, kukaikoleka pa msomali.

Anagwira ntchitoyo limodzi, mwana akusoka, bambo akukoleka. Koma nyenyezi zinatha windo lisanazungulire. Mbali yonse ya kumanja inatsala misomali yokhayokha, khumi ndi umodzi, ndi kabowo ka umene unazulidwa uja.

"Zachepa," anatero Kadutswa, ndipo apa mpamene misozi inabwereranso. "Zinazo ndinapatsa anthu, bambo. Ndinapereka ndi manja angawa."

Bambo anakhala pansi pambali pake, mawondo akulira. Anakoka thumba la zidutswa lija, n'kuyamba kufufuzamo ndi zala zawo zazikulu za chiwongolero. Anatulutsa kansalu kabuluu, n'kukaika pamwendo pa mwana wawo.

"Mayi ako ankakonda mtundu uwu," anatero. "Dula. Ine ndiziika thonje."